Chitini cha Amayi Anga

M'chaka cha 1994, boma litalengeza kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere, ana anakhamukira ku sukulu ngati ngumbi. M'dziko lonse chiwerengero chawo chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni mpaka kuzungulira 3 miliyoni. Ife kumudzi sitinkadziwa manambalawa. Chimene tinkaona n'chakuti ana a Sitandade 1 ankaphunzirira pansi pa mkuyu, ndipo kumwamba kukangoda aphunzitsi ankawabalalitsa. Paja walira mvula walira matope.

Aphunzitsi aakulu anaitana makolo ndi mafumu a midzi inayi yozungulira sukulu, ndipo anagwirizana zokhazikitsa komiti yomanga zipinda ziwiri. Pa upampando anasankha bambo wina amene anakhalitsa ku Joni, wodziwa Chizungu. Pa usungichuma anthu anakweza manja kusankha amayi anga, amene sanapondeko m'kalasi. Chifukwa chake chinali chimodzi: iwo ankasunga chipepeso pa maliro a m'mudzi mwathu, ndipo tambala silinasowepo.

Ine, mnyamata wa Sitandade 7, ndinachita manyazi. "Amayi, bwanji osakana? Mukalemba bwanji?"

"Nanga iwe ndikukutumiziranji ku sukulu?" anandiyankha choncho. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wolemba buku lawo.

Ntchito anaigawa bwino. Mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake. Abambo ankakumba dothi, kuliponda ndi kuumba njerwa m'zikombole. Amayi ankatunga madzi ndi kututa mchenga kumtsinje. Banja lililonse linkasonkha K5 yolipirira mmisiri ndi kugulira malata, koma nkhalamba ndi amasiye ankangobweretsa thobwa la ogwira ntchito. Amayi ankaika ndalamazo m'chitini cha mkaka. Banja likapereka, ankaponya njere ya chimanga m'kansalu. K5 ikatuluka, ankaponya nyemba m'kansalu kena. Ine ndinkaseka mumtima.

Tsiku lina apampando anabwera kunyumba kudzatenga K200, ati akasungitsire malata ku tauni. Amayi anakana kutsegula chitini mpaka ataitana azimayi awiri oyandikana nafe kuti aone. Potuluka bambowo anandikokera pambali. "Usalembe msanga, mwanawe. Izi timazimvetsa ndife ophunzira." Mawu oti "ife ophunzira" anandikomera kwambiri, ndipo sindinalembe.

Chaka cha 1995 chinatithera m'mikangano. Apampando ankasintha masiku a midzi osafunsa mafumu, anthu n'kuyamba kujomba. Njerwa zinaumbidwa mochedwa, mu Okutobala, ndipo mvula ya Novembala inazipeza zisanalowe mu uvuni. Thukuta la midzi inayi linabwerera kukhala matope. Mtima wa anthu ukawawa umafuna wolakwa, tsono mphekesera inabuka yakuti ndalama zadyedwa. Amayi akafika pachitsime anzawo ankangoti zii.

Mafumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mkuyu uja. Ndinawerenga buku langa mokweza, ndipo powerenga ndalama za m'chitini zinapezeka zoperewera ndi K200. Anthu anang'ung'udza. Apampando anayang'ana kumbali, ine lilime linauma. Pamenepo amayi anayala chitenje pansi, namasula tinsalu tawo. Anaika chimanga uku, nyemba uko, nachotsa njere imodzi pa nyemba iliyonse pamaso pa onse. Zotsala zinafanana ndendende ndi ndalama za m'chitini. Kenaka anapatula nyemba 40, nati, "Izi ndi za malata. Amene anaona aimirire." Azimayi awiri aja anaimirira.

Buku la wophunzira linanama. Nyemba za munthu wosaphunzira zinanena zoona. Ndinaulula zanga ndikulira. Panjira amayi sanandikalipire. Anangoti, "Ndalama za gulu sizikhala ndi chinsinsi."

Msonkhano womwewo unaika malamulo amene ndimawakumbukirabe. Ndalama ziziwerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse. Pasatuluke tambala popanda anthu atatu. Masiku a ntchito azikonzedwa pamodzi ndi mafumu, poganizira nyengo ya kumunda, ndiye kuti kuumba kuziyamba mu Juni anthu atakolola. Komiti izisankhidwanso pakapita nthawi, kuti mpando usasanduke ufumu. Za m'kalasi zisiyidwe kwa aphunzitsi, koma aphunzitsi nawonso asagwire chitini. Apampando anabweza ndalamazo atagulitsa mbuzi, natula pansi udindo. Mu 1996 zipinda ziwiri zinafoleredwa mvula isanagwe.

Anzanga a pano pa koleji, ambiri a ife tidzaitanidwa ku misonkhano yotere, ndipo chifukwa cha madigiri athu anthu adzatikankhira kumpando wa kutsogolo. Masiku ano pa sukulu pamakhala komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndiponso gulu la amayi oyang'anira atsikana. Koma onsewa ndi anthu osalipidwa, amene asiya khasu kumunda kuti athandize mwana wa mnzawo. Akangokayika kuti wina akuwadyera masuku pamutu, sabweranso, ndipo palibe kalata yochokera ku boma imene ingawabweze.

Chitini chija chilipobe kwathu. Amayi amasungiramo mbewu za maungu. Ndikapita kutchuthi ndimachiona pa alumali, ndipo mpaka lero sindichiyang'ana nthawi yaitali.