Jamu wa lumanda wodyera nyama

Kuno kwa Kapichila anthu amadziwa lumanda ngati ndiwo zamasamba, zowawasa zija timatendera nsinjiro. Koma ine ndalama yanga ili pa makoko ake ofiira, amene abale athu a ku Malawi amati chidede. Ndimaphika nawo jamu wodyera nyama, osati wopaka pa buledi.

Ndimathyola mu Epulo ndi Meyi, mvula itakata, makoko atanenepa. Ndikakhala pamphasa ndi kampeni, ndimasenda limodzilimodzi mpaka zala kufiira ngati ndapha nkhuku. M'kati mwa khoko lililonse muli kathumba kobiriwira ka njere. Chaka choyamba timatumbato ndinataya kudzala, ndipo jamu wanga anangoti tepetepe ngati madzi a m'dambo. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti ulimbo wogwiritsa jamu uli m'timatumba tomweto. Lero ndimatiwiritsa patokha kaye, madzi ake n'kuphikira makoko aja.

Poto wake akhale wa enamelo kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri. Wachitsulo wamba amadyeka ndi kuwawasa, ndipo jamu amada bii. Makoko akafewa ndimawathira m'nsalu yoyera, n'kuipachika usiku wonse kuti madzi azidontha okha. Ukafinya, jamu amatuluka wamatope.

M'mawa, pa makapu 4 a madziwo ndimathira makapu 3 a shuga, mchere pang'ono, jinja wosinja ndi katsabola kamodzi kong'amba pakati, kamene ndimavuula fungo likalowa. Makala pa mbaula akhale okolera bwino, mthiko usachoke m'manja. Kuti ndidziwe ngati wapsa, ndimadontheza pang'ono pa mbale yozizira, n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya, basi, ndimathira m'mabotolo owiritsa akadali wotentha.

Jamu wodyera nyama si wachilendo: ku America kuli kachipatso kowawasa kotchedwa cranberry, komera m'malo a chinyontho, kamene jamu wake amadyera nkhukundembo pa chikondwerero cha Thanksgiving mu Novembala. Ku Florida lumanda wathu yemweyu amamutchula dzina la chipatso chimenecho, poti mtundu ndi kuwawasa n'zofanana.

Mabotolo ndimapita nawo ku boma la Lundazi. Ambiri amayamba ndi kuseka kuti, "Amayi, shuga pa nyama?" Sinditsutsana nawo. Ndimangowauza kuti akayese pa nkhumba yowotcha kapena pa nkhanga, aone mmene kuwawasa kumadulira mafuta. Amene anaseka kwambiri ndiwo amabwera ndi botolo lopanda kanthu.

Chaka chino lumanda wanu musamumalizire m'masamba. Siyani mitengo ingapo ibereke.