Kwa abale a ku UK: radiator ikakana kutentha, yambani mwaona kapini

Abale anga, uthengawu ndi wautali, koma amene muli ndi wachibale ku UK mutumizireni. Kuno kunyanja Okutobala uno tikugona pakhonde chifukwa cha chithukuthuku, pamene kumeneko ndiye kuzizira kukuyamba, anthu akuyatsa heating koyamba chizimitsire mu Epulo kapena Meyi. Ndi nthawi imene zitsulo zotenthetsa m'nyumba zija, ma radiator, zimayamba matama.

Mwina mukuti mwana wa msodzi, woti ndege amangoionera m'mwamba, zimenezi wazidziwira kuti. Ine ntchito yanga ndi mainjini a maboti. Ndinayambira pa Yamaha ya bambo anga nditangolemba Fomu 4. Mainjini ambiri a boti ali ndi kachipangizo kotchedwa thermostat. Mkati mwake muli phula. Injini ikatentha phulalo limafufuma, limakankha kapini, njira imatseguka kuti madzi a m'nyanja adutse ambiri n'kuiziziritsa. Tikafuna kudziwa ngati kali moyo timakaponya m'poto wa madzi otentha n'kuona ngati kayasame.

Valavu ya pa radiator, imene amaitcha TRV, ndi mbale wake wa kachipangizo kameneka, kungoti iyo imagwira mozondoka. M'mutu wake wapulasitiki wa manambala uja muli phula kapena timadzi tina. Chipinda chikafunda zimafufuma, zimakanikiza kapini pansi, madzi otentha ochokera ku boiler amatsekeka. Chikazizira, sipulingi imabweza kapiniko m'mwamba, madzi amayambanso kuyenda. Nzeruyi anayambitsa ndi a Danfoss a ku Denmark mu 1943. Mulibe waya, mulibe batire. Ndi makaniko weniweni, wa ife tomwe.

Chaka chatha zinawagwera achemwali anga amene amasamalira okalamba ku Leeds. Nyumba yonse inkafunda, kupatula chipinda chimene amagona ndi mwana wawo wa zaka 3. Mwanayo anali atayamba kutsokomola usiku. Kwa landilodi anangowauza kuti adikire. Anagula kahita kamagetsi, koma mayunitsi ankatha ngati petulo wa boti lolimbana ndi mwera. Ndalama yoitanira pulambala ndi yomwe anasungira malata a nyumba ya amayi kuno. Anandiimbira video mawu ali ofowoka.

Ndinati, "Achemwali, gwirani paipi imene ikuchokera pansi kulowa mu valavu. Yatentha?"

"Yatentha. Koma chitsulochi chili zii ngati cha mufiriji."

"Ndiye madzi akufika pakhomo, chitseko ndi chimene chatsekeka. Zunguzani mutuwo mpaka pa 5, kenako masulani mphete imene ili kunsi kwake. Ndi manja basi."

"Iwe, madzi sandithira kumaso?"

"Ayi. M'mutumo simudutsa madzi. Musangokhudza nati yaikulu ya pa paipi."

Mutu utachoka panaoneka kapini kachitsulo, kochepa ngati msomali wa nsapato. Kapini kabwino ukakakanikiza kamalowa pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, ukasiya kamadzuka kokha. Kawo kanali katagona, osagwedezeka. Chifukwa chake n'chodziwika: valavu inakhala pa 0 miyezi yonse yotentha, rabala ya mkati inamamatira pamalo pake, ngati impela ya injini imene yangokhala m'shedi chaka chathunthu. Ndinawauza kuti atenge supuni, agogode pang'onopang'ono m'mbali mwa valavu ndi chogwirira chake, adontheze kamafuta pa kapiniko, kenako azikanikiza ndi msana wa supuni n'kusiya, kukanikiza n'kusiya. Patapita kanthawi ndinangomva, "Kadzuka!" Tisanadule foni chitsulo chinali chitayamba kufunda. Malata a amayi anagulidwa mu Disembala.

Tsopano mvetserani, chifukwa si nthenda zonse zimene zili za kapini. Injini timayamba taimvetsera tisanagwire sipanala. Radiator nayo mumayamba mwaisisita ndi dzanja.

Ikatentha kunsi koma kumwamba kuli kozizira, umenewo ndi mpweya watsekeredwa. Zimitsani heating, dikirani izizire, tengani kakiyi kaja ka radiator, masulani pang'ono kasikuluwu ka pakona yakumwamba muli ndi kansanza m'manja. Mumva kuti fyii. Madzi akangoyamba kudontha, mangani. Mukatero kaoneni kawotchi ka pa boiler. Ma boiler ambiri a combi amafuna muvi ukhale pakati pa 1 ndi 1.5 bar madzi ali ozizira.

Ikatentha kumwamba koma kunsi, makamaka chapakati, kuli kozizira, amenewo ndi matope akuda a dzimbiri amene adikha mkati. Supuni sithandiza pamenepo, pakufunika wodziwa adzatsuke.

Kapini kakamayenda bwinobwino, ndipo radiator ikutentha mutu mutauchotsa koma ikuzizira mukaubwezera, wafa ndi mutuwo. Umagulidwa pawokha, osakhetsa madzi, bola mupite ndi wakalewo kusitolo chifukwa makulidwe a mphete amasiyana. Ikamangotentha osaleka ngakhale pa 1, onani ngati mphete ija yamangika, apo ayi mutu watha.

Zonsezi zili bwino koma ikuziziraberabe? Mbali inayo ya radiator kuli valavu ina yovala kachipewa kopanda manambala, amati lockshield. Imeneyo ndi yogawa madzi kuti ma radiator a pafupi ndi boiler asamalize okha kutentha. Mwina wina anaitseka. Mukamaisuntha werengani kuti mwazunguza kangati, kuti muthe kubwerera pomwe inali.

Zitatu zimene anthu amalakwitsa ndi izi. Choyamba, kukoka kapini ndi pulayazi mwamphamvu. Pa mavalavu ena kamazuka, ndiye madzi akuda bii pa kapeti ya eni ake, dipoziti yanu yapita. Chachiwiri, kuyanika zovala kapena kugwetsa katani pamwamba pa mutu wa valavu. Mutuwo umayeza mpweya umene wauzungulira. Mukaufunditsa umaganiza kuti chipinda chafunda, umatseka, inu mukunjenjemera. Chachitatu, kuganiza kuti 5 ndi giya yothamanga. Ayi ndithu. Manambalawo akunena pomwe valavu idzatseke, osati liwiro. Pa mavalavu ambiri 3 ndi madigiri pafupifupi 20, ndipo kanyenyezi kaja ndi kongoteteza kuti mapaipi asaundane. A zaumoyo kumeneko amalangiza kuti m'nyumba musatsike madigiri 18, makamaka muli okalamba kapena odwala. Ndiye 3 akukwanirani, gasi mupulumutsa.

Dziwaninso kuti valavu siyatsa boiler. Woyatsa ndi thermostat ya pakhoma. Ngati ya pakhomayo ili m'chipinda chofunda kale, izimitsa boiler, ndipo chipinda chanu chikhala chozizira ngakhale valavu ili yasaa.

Pomwe dzanja lanu liyenera kulekera ndi pa boiler yeniyeniyo. Ine injini ndimaimasula mpaka kuona pisitoni, koma gasi sachita naye chibwana. Lamulo la kumeneko limati wogwira ntchito ya gasi akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo muli ndi ufulu womufunsa kadi lake. Komanso amene mukuchita lendi ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act 1985 limaika udindo wokonza heating pa mwini nyumba. Ife Amalawi timakonda kuti "tisavutitse anthu", mwana akutsokomola. Lembani uthenga, jambulani chithunzi, sungani tsiku. Kupempha zimenezo si mwano.

Nyengo yotentha ikadzafika chaka chamawa, musadzatseke mavalavu pa 0. Zimitsani heating, koma mavalavu onse muwasiye pa 5 kuti kapini kakhale kodzuka, ndipo kamodzi pamwezi muziwazunguza uku ndi uku.

Amene zakukanikani, jambulani valavuyo mbali zonse ziwiri munditumizire. Masana ndimakhala manja ali mu girisi, ndimayankha madzulo maboti a usipa akanyamuka.