Ulendo wokapempha chaka china ku Chiang Mai

Tambala woyamba asanalire, mayi a kunyumba anali atatereka kale madzi a tiyi. Kuno ku Chiang Dao, kumpoto kwa Thailand, mwezi wa Januwale kumazizira ngati ku Dedza mu Juni, ndipo phiri la Doi Luang linali litafunda nkhungu mpaka m'munsi. Ndinatsegulanso chikwama kuti nditsimikize: pasipoti, buku la kubanki, zithunzi za masentimita 4 kwa 6, fomu ya TM.7, ndi mafotokope a masamba a pasipoti, tsamba lililonse nditalisaina.

"Abambo, zonse zilimo. Tiyeni, basi itisiya," anatero mayi, akundipatsira chipewa.

Ndinagwira ntchito ya unamwino ku Manchester zaka zambiri, ndipo mkazi wangayu ndinakumana naye komweko. Titapuma pantchito tinagwirizana zodzakhala kwawo. Kwa Mchewa zimenezi si zachilendo, ndi chikamwini basi, ndipo anthu a kumpoto kuno nawonso mwambo wawo wakale ndi woti mwamuna azitsatira mkazi. Kusiyana kwake n'kwakuti chikamwini changa chimafuna chidindo cha boma chaka ndi chaka.

Ambiri timangoti "viza ya opuma pantchito", koma viza yeniyeniyo, ya Non-Immigrant O, inandipatsa masiku 90 okha. Chimene timakapempha chaka chilichonse ndi kutalikitsa chilolezo chokhalira m'dziko. Munthu ayenera kukhala wa zaka 50 kapena kuposerapo, asagwire ntchito, ndipo aonetse kuti ali ndi pogwira: ndalama zokwana 800,000 baht m'banki ya m'dziko muno, kapena 65,000 baht yolowa mwezi uliwonse. Ndikanatha kupempha monga mwamuna wa nzika, pomwe amafuna 400,000 baht yokha, koma njira imeneyo ili ndi mapepala ambiri ndipo yankho limadikiridwa pafupifupi mwezi. Ndinasankha yodula koma yachidule.

Basi yochokera ku Fang inatipeza pamsewu wa 107 kunja kukungoyera. Mpaka ku Chiang Mai ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Tinatsika zigwembe motsata mtsinje wa Ping, kudutsa Mae Taeng ndi Mae Rim, tikuona amonke a zovala zachikasu akuyenda opanda nsapato ndi mbale zawo, amayi atagwada m'mbali mwa msewu kuwaikira mpunga. Ana a sukulu anadzaza basi, ndipo mtsikana wina anandisiyira mpando ataphatikiza manja pachifuwa. Anandiitana kuti "Khun Lung", ndiye kuti amalume.

Titatsikira pa siteshoni ya Chang Phueak, tinayamba ndi kubanki. Apa ndi pamene mtima wanga umagunda chaka chilichonse. Lamulo la mu 2019 limati 800,000 baht ija ikhale itagona mu akaunti miyezi iwiri tsiku lopempha lisanafike, ikhalebe momwemo miyezi itatu chidindo chitaperekedwa, ndipo miyezi yotsalayo isatsike kuchepera 400,000. Ikatsikako ngakhale tsiku limodzi, buku limaulula. N'chifukwa chake akaunti imeneyi sitiikhudza. Denga litadontha chaka chatha tinalolera kudikira penshoni ya mwezi wotsatira kusiyana n'kutapako.

Ndinaikamo ndalama pang'ono kuti bukulo lionetse deti la tsikulo, kenako ndinalilowetsa m'makina. Linatuluka lili lofunda, mzere watsopano uli m'munsi mwa inzake. Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwezi ndi mwezi, ndipo panalibe pamene panatsika. Kalaliki anandilembera kalata yotsimikiza kuti akauntiyo ndi yanga, nadinda. Pa kalatapo chaka chinalembedwa monga amawerengera kuno, kutsogola ndi zaka 543 pa kalendala yathu.

Kuchokera apo tinakwera kagalimoto kofiira ka mabenchi awiri kumbuyo, kamene eni ake amati rot daeng. Kanazungulira ngalande yamadzi ndi zotsala za linga la mzinda wakale, umene Mfumu Mangrai inakhazikitsa mu 1296, mpaka kukatitula ku ofesi ya imigireshoni, kufupi ndi bwalo la ndege.

M'chipinda chodikirira munali imvi zokhazokha. Azungu, Ajapani, Achina, ena ndi ndodo, wina pa njinga ya olumala akukankhidwa ndi mtsikana womusamalira. Aliyense anali atakumbatira envulopu yake, maso ali pa bolodi la manambala. Ena mwa iwo mwina anali mabwana aakulu kwawo, koma pa benchi paja tonse tinali alendo opempha malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinadekhadi.

Pambali panga panakhala mkulu wina wa ku Ulaya, manja akunjenjemera pang'ono. Anandifotokozera kuti zaka zapitazo mlongo wake atamwalira, anakwera ndege usiku womwewo osakumbukira kutenga chilolezo chobwerera. Munthu ukatuluka m'dziko popanda chimenecho, chaka chonse chimene anakupatsa chimafera pabwalo la ndege. Atabwerako anayambiranso pachiyambi. Ankalankhula motsitsa mawu, ndipo ine maganizo anali atapita kale ku Dedza, kwa achemwali anga aakulu amene tsopano akuyenda ndi ndodo.

Nambala yanga itaitanidwa, ndinapereka moni wa manja n'kukhala pansi. Mayi wa yunifolomu anatsegula mapepala limodzilimodzi. Anayerekeza kalata ya kubanki ndi buku, anayang'ana kapepala ka TM.30 kosonyeza nyumba imene ndimagona, nandipatsa mapepala ena oti ndisaine kuvomereza kuti ndikudziwa chilango cha kupitirira masiku: 500 baht pa tsiku mpaka 20,000, ndi kuletsedwa kulowanso ukapitirira kwambiri. Anandijambula ndi kakamera ka pa desiki, ndinalipira 1,900 baht, ndipo anandiuza kuti ndidikire panja.

Pasipoti inabwerako dzuwa lili paliwombo. Chidindo chake n'chaching'ono, chosakwana theka la tsamba, ndipo deti lake limawerengedwa kuchokera tsiku limene chilolezo chakale chikanathera, choncho wopita msanga sataya kanthu. Ndinaliwerenga kawiri, ndinapatsa mayi kuti nawonso awerenge.

Sindinatuluke. Ndinatenga fomu ya TM.8 n'kukaima pa mzere wina. Chilolezo chobwerera kamodzi ndi 1,000 baht, cha maulendo angapo ndi 3,800. Ndinalipira cha maulendo angapo. Ulendo wa kumudzi sindinaukonze chaka chino, koma matenda ndi maliro sizipangana tsiku ndi munthu, ndipo foni ya usiku ikadzalira sindikufuna kudzayamba ndaganiza za chidindo.

Tinadya khao soi pa kanyumba ka m'mbali mwa msewu, msuzi wa kokonati ukuwawa bwino pakhosi, kenako tinakwera basi yobwerera. Tinafika phiri litavula nkhungu, dzuwa likulowa kuseri kwake. Mayi anatenga kalendala ya kukhitchini n'kuzunguliza masiku: lokanena kumene ndikukhala, poti mlendo amayenera kutero masiku 90 alionse, ndi lothera miyezi itatu ya ndalama zija.

Kuno kukamada, ku Malawi kumakhala kudakali masana, timasiyana maola asanu. Ndinakhala pakhonde n'kuimba foni.

"Achemwali, zatheka, andipatsa chaka china. Ndatenganso chotulukira. Kukachitika kanthu musazengereze, ingoimbani, ndinyamuka."

"Zikomo achimwene," anayankha. "Koma musadikire kanthu. Bwerani tidzadye limodzi chimanga chachiwisi."