Kwa mwana wanga wopita ku Kitwe

Mwana wanga,

Kalatayi uiwerenge uli m'basi, mukadutsa Kabwe. Pamaso sindikanatha kumaliza mawu.

Ndimakudziwa. Ndiwe woyamba kubadwa, ndipo za pakhomo pano umazisenza wekha mumtima. Ukakafika ku Copperbelt University thupi lidzakhala m'kalasi, koma maganizo ali kuno ku Chongwe: kodi mvula yagwa, feteleza wapezeka, BP ya atate ako yatsika, nanga fizi ya chaka chamawa idzachokera kuti? Nkhani yake ndi imeneyi.

Kumbukira 2024. Tinabzala ndi mvula yoyamba, tinapalira, feteleza tinathira. Kenaka kumwamba kunangoti mbee! Chimanga chitayamba kumasula, masamba anapotana n'kuuma tikuona. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu, iwe ukuwerenga ndi tochi ya pafoni. Ndinkakumva pakati pa usiku ukutsegula chitseko kukayang'ana mitambo, m'mawa maso ali psuu, nsima osaikhudza. Unaonda, mwanawe, koma kusagona kwakoko sikunagwetse ndi dontho lomwe. Chimene Mulungu anatidyetsa nacho ndi chija chinali m'manja mwathu: kadimba kothirira ndi ndowa, mbatata, mbuzi zimene tinagulitsa, ndiponso amayi a kumpingo amene tinkagawana nawo ufa m'mbale.

Ngakhale anzathu Asoli amadziwa kuti mvula siilamulidwa. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, mfumu yawo yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, imachita kupempha, kenaka anthu n'kugwira makasu. Ngati mfumu imene anthu amaigwadira imapempha, iwe ndi ine tingakakamize bwanji mitambo?

Uwerenge Mateyu 6 kuyambira ndime 25, ndi 1 Petro 5:7. Usathamange, uwerenge mofatsa. Ambuye Yesu sanatiletse kulima kapena kukonzekera za mawa. Chimene akutichotsera ndi kudzizunza ndi zinthu zimene mwini wake ndi Atate. Ndiye ukagwada, usapemphere mozungulira. Tchula chinthucho ndi dzina lake: “Atate, fizi palibe. Atate, bambo anga akudwala, ndipo ndikuopa.” Ukanena ameni, usakachitolenso. Chikabwerera usiku, poti chimabwerera ndithu, chiperekenso. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro ayi. Ine ndi imvi zangazi ndimaterobe.

Zako ndi izi, ndipo uzigwire ndi manja awiri: kudzuka, kupita m'kalasi, kusankha bwino anzako, kusakongola ndalama pa zinthu zachabe. Madzi akumwa uziwiritsa, m'manja uzisamba; kolera ija inachedwetsa kutsegulira masukulu mu 2024 isakuchoke m'mutu. Zotsatira za mayeso ukalemba kale, ntchito ukadzamaliza, mtengo wa ufa, moyo wa ife makolo ako, zimenezo si zako.

Atate ako ndiwaperekeza ndine kuchipatala, ndipo mankhwala akumwa. Kukachitika kanthu ndidzakuuza ndekha, sindidzakubisira. Choncho foni ikakhala chete, dziwa kuti kuli bwino. Sabata yoyamba yomweyo upeze mpingo, ukadzionetse kwa abusa kuti ukhale ndi anthu opemphera nawo. Mtedza ndi chiwaya cha ulendo zili m'thumba la m'mbali. Ukatsika ku Kitwe utumize uthenga, ang'ono ako sagona asanamve.

Ambuye akusunge.

Ndine,
Mayi ako