Khoma la ku Bunaken si la akatswiri okha

Ku Bunaken, chilumba chaching'ono cha pafupi ndi mzinda wa Manado ku Indonesia, miyala ya makorali imathera mwadzidzidzi n'kutsetsereka ngati chiphompho, ndipo ambiri akamva zimenezi amati malo otere ndi a akatswiri okha. Ine ndikuona kuti ngakhale wongophunzira kumene kusambira pansi pa nyanja ndi thanki ya mpweya kumsana akhoza kufikako. Makorali omanga khomali amadalira kuwala kwa dzuwa, choncho iwowo, nsomba zamawangamawanga ndi akamba a m'nyanja zimachuluka chapamwamba. Satifiketi yoyamba ya PADI, bungwe lophunzitsa anthu kusambira pansi pa nyanja, imalola munthu kutsika mamita 18 basi, ndipo zokongola zambiri amaziona asanafike n'komwe pamalire amenewo.

Otsutsa amati kunsi kwako kulibe mchenga woti upondepo ukagwidwa ndi mantha. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, isapeputsidwe. Koma chomwe chimamugwira munthu kuti asamire ndi jekete yomwe amaipopera mpweya pang'onopang'ono, pamodzi ndi kapumidwe kake kodekha, ndipo luso limeneli aliphunzire kaye pamadzi osaya mphunzitsi ali pambali. Ndipotu khoma limathandiza: maso amakhala ndi poyang'ana, komanso woyandama pambali pake saswa makorali ndi mapazi monga amachitira wodutsa pamwamba pawo. Ena amati madzi a kumeneko nthawi zina amathamanga n'kumukoka munthu. N'zoona, n'chifukwa chake pamafunika wotsogolera wodziwa malowo wosankha mbali yodekha, ndipo akati lero ayi, wophunzira amvere.