Kuchoka ku Johannesburg Kupita ku Sydney: Maola 8 Amene Tinaiwala

Pakati pa bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg ndi la Kingsford Smith ku Sydney pali mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000. Ndege imauluka maola ngati 12 osatera paliponse. Titamva zimenezi tinati palibe vuto: tinyamuka Lachinayi madzulo, tikafika Lachisanu kukucha, ndipo tikhala ndi tsiku lonse lokonzekera Sabata.

Mwana wathu wa ku Sydney ndi amene anatidzidzimutsa pafoni. "Amayi ndi ababa, mwawerengera wotchi ya kuno?" Mu June nthawi ya ku Sydney imakhala patsogolo ndi maola 8. Wonyamuka 6 koloko madzulo Lachinayi amatera cha m'ma 2 koloko masana Lachisanu, ndipo popeza ndi nyengo yozizira, dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. M'maola atatu otsalawo muli mzere wa mapasipoti, kudikira katundu, ndi kusechedwa, chifukwa dziko la Australia limafuna kuti mlendo aulule chakudya chilichonse chimene wanyamula, ngakhale mtedza. Ndege itangochedwa pang'ono, Sabata likanatipeza tikukoka masutikesi. Tinasintha tikiti n'kunyamuka Lachitatu, ngakhale tinawonjezera ndalama.

Ndegeyi sidutsa molunjika kum'mawa monga mapu amationetsera. Popeza dziko ndi lozungulira, njira yachidule imakhotera kum'mwera, pamwamba pa nyanja yokhayokha. Usiku unali waufupi, chifukwa tinali kulichingamira dzuwa. Pobwerera ulendo womwewo umatenga maola pafupifupi 14, pakuti mphepo yamphamvu ya m'mwamba imaomba kuchokera kumadzulo: popita imakukankhani, pobwera mumalimbana nayo.

Thupi nalo limaumva mtundawu. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, ndipo kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatupitsa mapazi, kwa ena magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Tinkamwa madzi pafupipafupi, kuimirira n'kuyendayenda maola awiri aliwonse, ndi kudya mopepuka. Titafika tinapirira tulo mpaka mdima, ndipo tsiku lotsatira tinayenda panja padzuwa kuti thupi lizolowere nthawi yatsopano.

Mu 1891 Mayi Ellen G. White anafika ku Sydney komweku pa sitima ya pamadzi, atayenda pafupifupi milungu inayi kuchokera ku San Francisco. Iwo masiku ankawasinthira pang'onopang'ono. Ife ndege inatidumphitsa maola 8 usiku umodzi.

Lachisanu lija dzuwa linalowa titasamba, chakudya chitapsa, zidzukulu zili pamiyendo, ndipo tinatsegula Sabata ndi nyimbo. Abale ku Lilongwe n'kuti ili 9 koloko m'mawa, akadali kumsika. Mukamagula tikiti ya ulendo wautali, musangofunsa maola a m'ndege. Funsani tsiku ndi ola lofikira, ndiponso nthawi imene dzuwa limalowa kumeneko.