Gitala la Nsambo Khumi ndi Ziwiri

Abale athu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, makolo athu anali nazo zoimbira zao, bangwe ndi kaligo ndi zeze. Koma ambiri a iwo anapita nazo nyimbo zao kumanda, pakuti panalibe cosungira mau. Inde, Hugh Tracey anayenda m'dziko lino m'zaka za 1950 ndi 1958 ndi makina otola mau, ndipo Gerhard Kubik anayamba kujambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka m'caka ca 1967. Koma alendo awiri sakadatha kufika mudzi uli wonse. Lero nchito ya makina aja aicita ndi lamya ya m'manja. Cifukwa cace tifuna kukamba za kuimba nyimbo yakale pa gitala, ndi kuijambula m'nyumba mwathu momwe.

Gitala la masiku onse liri ndi nsambo 6. Koma liripo lina la nsambo 12, zoikidwa ziwiriziwiri, ndipo cala cimodzi cikanikiza ziwiri pamodzi. M'magulu anai a mau akuru, nsambo yonenepa iri ndi inzace yoonda yolira pamwamba; m'magulu awiri otsala, zonse ziwiri zilira cimodzimodzi. Potero munthu mmodzi akaimba, kumveka ngati aimba awiri. Ife amene taphunzitsa ana kuimba m'sukulu za m'midzi tidziwa kuti mau awiri ogwirizana akoma koposa, ndi kuti mau awiri osemphana pang'ono awawa m'khutu koposa mau amodzi olakwa. Momwemonso gitala ili. Wolikunga aleze mtima, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene cisanu ca m'mapiri muno cisokoneza nsambo. Ndiponso asazikunge kopitirira, pakuti nsambo 12 zikoka khosi la gitala kolimba.

Pojambula, nyumba ya udzu iposa ya malata, imene ibweza mau ndi kusokosa pa mvula. Dikirani madzulo, mitondo italeka ndi mbuzi zitalowa m'khola. Ikani lamya pa mtunda wa mkono umodzi, moyang'ana polumikizana khosi ndi thupi la gitala. Mukailozetsa pa bowo, mau akuru adzamiza ang'ono. Mutatha, mverani bwino, pakuti lamya siikometsera munthu: isunga cokoma ndi colakwa comwe. Kubwereza kasanu si manyazi ai.

Kapena wina adzati, Nyimbo yakale ipinduliranji? Taonani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa m'caka ca 1930. Nyimbo yao ya Linny Hoo, ataiimbanso ndi Patience Namadingo m'caka ca 2020, inamveka pa intaneti kufikira maiko akutari. Zoonadi mau a akuluakulu akoma akagonera.

Tsono inu anyamata a ku Mvera, ku Kongwe ndi ku Malomo, musathamangire zatsopano zokha. Khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, phunzirani nyimbo imene anaimba pa unyamata wao, muiimbe pamodzi nao, ndi kuijambula. Ndipo poionetsa kwa anthu, chulani dzina la mwini nyimboyo, pakuti wobwereka khasu sanena kuti ndi lace.